Khomo la Chaka Choyamba

Tsiku limene anandisudzula kunali chiperoni. Mvula yake sinkagwa, inkangoyandama, ndipo anthu amene anakhala pabwalo ankaoneka ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Mkazi wanga Zelipa tinali titamuika, kumeta kunali kutachitika. Amene ndinatsala ndinali ine.

M'mudzi umenewo ndinali mkamwini. Ntchito ndinkagwira m'tauni, kuphunzitsa za makompyuta pa yunivesite, koma nyumba ndinamanga kwawo kwa mkazi. Amene analankhula anali alamu anga a Gwedeza, achimwene ake a malemu, eni mbumba.

"Alamu, takumasulani," anatero. "Mlongo wathu munamusunga bwino. Tengani zovala zanu ndi mawaya anuwo. Mukakapeza mkazi kumeneko, ife sitidzadandaula."

"Nanga mwana?"

"Mwana ndi wa pano. Mukudziwa."

Mwana wathu wamkazi, Mtisunge, anali atangoyamba kumene sukulu. Ndikamatsegula makompyuta akufa pakhonde, iye ankakhala pambali panga n'kumasanja tizitsulo tomangira, tating'ono uku, tokulirapo uku. Tsiku limenelo anali atamutumiza kwa amayi ake aang'ono kuti asaone.

"Si munkatiuza pompano kuti aliyense wophunzira zinthu zanuzi amadutsa pakhomo panu chaka choyamba?" a Gwedeza anatero, akuyang'ana anthu. "Ndiye kadikireni pakhomopo. Mwanayu mutu wake ndi wanu womwewo. Akadzakula adzakupezani yekha."

Ena anaseka. Ine ndinayankha kuti ndamva, ndinanyamula chikwama, n'kulowa m'chiperonimo.

Zimene ananenazo zinali zoona. Phunziro langa linali la m'kati mwa makina: chimene chimasunga, chimene chimawerengetsa, ndi njira zimene zinthu zimadutsa pakati pa ziwirizi. Palibe amene amapita patsogolo asanalidutse. Nditabwerera kuntchito, akuluakulu anati wofedwa apumuleko, asiye khamu la chaka choyamba, atenge kagulu kakang'ono ka chaka chomaliza. Ankandichitira chifundo. Ndinawathokoza n'kuchoka. Ndinkadziwa kuti makomo ndi ambiri, koma munthu amaima pa limodzi, ndipo langa linayenera kukhala la chaka choyamba.

Ndinafika m'tauni ya fumbi, kumene sukulu ya ukachenjede inali m'nyumba zimene kale ankasungiramo fodya. Fungo linali lisanachoke m'makoma. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo ophunzira akulowa, ndikuyang'ana nkhope iliyonse. Nthawi ya Mtisunge inali isanakwane. Ndinkangozoloweza maso.

Makompyuta analipo, atawafunditsa nsalu, koma magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa. Ndiye ndinapanga makina ndi anthu. Mzere wa kumbuyo ndinautcha nkhokwe. Aliyense mumzeremo anali ndi nambala ya malo ake, ndipo ankasunga chinthu chimodzi cholembedwa pa sileti. Wina anali wolozera, ntchito yake kungotchula malo otsatira. Wina anali mtengatenga, woyenda pakati pa nkhokwe ndi kutsogolo. Kutsogoloko kunakhala wowerenga lamulo ndi wowonkhetsa. Pakona ndinaika woomba m'manja, amene anali wotchi ya makinawo. Iye akaomba, aliyense achite chake chimodzi. Asanaombe, pasapezeke wogwedezeka.

"Makina sadziwa kanthu," ndinawauza. "Amatenga lamulo, amaliwerenga, amalichita, amatenga lina. Basi."

Mtengatenga anali mtsikana wotchedwa Esinta. Munkhokwe munali a Chikuse, bambo wa imvi amene anapuma ntchito ku positi ofesi n'kubwerera kusukulu. M'manja mutaombedwa, Esinta anapita kwa iwo n'kugwada.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera bwino, kaya iwe mwana wanga. Akunyumba?"

M'manja munaombedwanso. Wowonkhetsa anatambasula dzanja n'kulandira mphepo.

"Osapereka moni," ndinatero.

"Ndingowalanda sileti ngati khwangwala, aphunzitsi? Awa ndi msinkhu wa bambo anga."

"Inenso sindingapereke kanthu kwa munthu amene sanandilonjere," a Chikuse anatero. "Makina anuwa analeredwa ndi ndani?"

"Sanaleredwe."

"Zikuoneka."

Tinagwirizana kuti moni wonse uziperekedwa panja tisanayambe. Komabe makinawo sanafikepo kumapeto. Wowonkhetsa akalakwa, nkhokwe inkamunong'oneza. Mtengatenga akachedwa, woomba ankamudikirako mwaulemu, ndipo ena ankasokonezeka. Koma pamayeso onse ankadziwa chifukwa chake wotchi singathamange kuposa woyenda pang'onopang'ono kwambiri m'makina. Anali ataziona ndi miyendo yawo.

Ndinakhala kumeneko mvula zingapo. Kenako mkulu wa sukuluyo anandiitana.

"Aphunzitsi, olemba anthu ntchito akufuna ana odziwa kutayipa. Za m'mimba mwa makina tiwasiyire amene anawapanga. Tikuthokozani."

Ndinachoka pamwamba pa lole ya chimanga. Kwa kanthawi ndinakhala pamsika wa pamphambano, ndikukonza mawailesi pansi pa lata limodzi. Kumeneko ndinaphunzira kuti anthu safuna kudziwa chimene chinafa m'kati. Amafuna mawu abwerere.

Kenako ndinafika m'tauni ya paphiri, yozizira, kumene mpingo wina unali ndi yunivesite. Belu linkalira pafupipafupi ndipo ophunzira ankavala majuzi ofanana. Ndinaima pakhomo. Ndinayang'ana nkhope. Ndinatulutsa masileti anga.

"Makina sadziwa kanthu," ndinawauza.

Kumeneku moni sunavute, chifukwa onse anali a msinkhu umodzi. Chinavuta ndi nkhokwe. Mnyamata wina, Yotamu, anali ndi seveni pa sileti yake, ndipo mtengatenga anamubweretsera nambala ina yoti isungidwe pamalo omwewo.

"Fufuta, ulembe yatsopanoyo," ndinatero.

"Yakaleyi ipita kuti?"

"Sipita kulikonse. Palibe."

"Ndiilembe pakona, mwina idzafunika."

"Malo amodzi, chinthu chimodzi."

Anafufuta ndi mkono wa juzi, pang'onopang'ono, ngati akutseka maso a munthu. Mtengatenga atabweranso kudzatenga nambalayo, ndinamva Yotamu akumunong'oneza, "Aise, ukanene kuti poyamba inali seveni." Wowonkhetsa analandira nambala ziwiri, anazipenya zonse, n'kukhala pansi. Sindinamukalipire Yotamu.

Kunyumba ya mabuku kunali mayi wamasiye, a Nanthambwe. Ankandisungira tiyi m'fulasiki ndi mbatata yootcha. Tsiku lina anandifunsa amene ndimamudikira pakhomo paja.

"Mwana wanga."

"Ndi wamkulu bwanji?"

Ndinaloza ndi dzanja pafupi ndi chiuno, kenako ndinalikweza pang'ono.

"Ameneyo afika liti pa yunivesite? Bambo inu, mabasi alipo. Pitani mukamuone."

Patchuthi ndinapita. Ndinagula nsapato zasukulu, ndinatenganso kawailesi kamene ndinapanga ndekha m'kabokosi ka thabwa. Basi inanditsitsa pamsewu waukulu, ndipo ndinayenda mpaka pamlatho wamitengo, pamene mudzi suoneka chifukwa cha chitunda. A Gwedeza anali pamenepo, atatsamira njinga. Wina anali atandiona ndikutsika.

"Alamu, mwasochera?"

"Ndabwera kudzaona mwana."

"Tinakusudzulani anthu akuona. Mukalowa m'mudzimu mulowa ngati ndani?" Anamwetulira. "Mwana wakhazikika. Akudya, akuphunzira. Mukufuna ayambenso kulira usana ndi usiku, inu mutakwera basi yanu?"

Ndinawapatsa phukusi. Analikoleka pachiwongolero.

"Tikapereka. Inu kadikireni pakhomo paja."

Ndinabwereranso chaka china, ndipo ndinawapeza pomwepo, njinga ili ina. Ulendo wina panali mwana wawo wamwamuna, amene ananena mawu omwewo osandiyang'ana. Ulendo wina mtsinje unali utadzaza ndipo mlatho kunalibe. A Gwedeza anaima kutsidya, atapinda manja, mpaka ndinatembenuka.

Akuluakulu a yunivesite ya paphiri anandikonda. Anati ndakhalitsa, ndiyenera kukhala mkulu wa nthambi, ndi ofesi yanga ndi mpando wozungulira. Chaka choyamba adzapatsa wachinyamata. Ndinafunsa ngati ndingakane ukuluwo n'kusunga kalasi yanga. Anati zinavomerezedwa kale ndipo anapempherera. Ndinawathokoza n'kuchoka.

A Nanthambwe anandiperekeza mpaka pageti.

"Inu ndi mwala," anatero.

"Mwina."

"Mwala suzizidwa. Ine ndimazizidwa." Anabwerera ndi fulasiki yawo.

Ndinafika mumzinda waukulu, kumene munthu wina wamalonda anali ndi yunivesite pamwamba pa masitolo. Pansi ankagulitsa matayala. Makompyuta anali ambiri, atsopano, ndipo iliyonse inali ndi kachidindo koletsa kutsegula. Magetsi sankazima. Ndinatulutsabe masileti, chifukwa munthu akhoza kukhala patsogolo pa kompyuta moyo wake wonse osadziwa chimene chikuyenda m'katimo.

"Madala, zimenezi zidzatithandiza chiyani?" anafunsa mnyamata wina, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala. "Ine ndikamayendetsa ndimatsegula injini?"

"Ikafa?"

"Timagula ina."

Awa ankatopa msanga ndi kuyenda, ndiye ndinawaphunzitsa za kathumba kapafupi. Nkhokwe ili kutali ndipo mtengatenga amachedwa. Choncho pafupi ndi wowonkhetsa pamakhala munthu wosunga masileti ochepa, a zinthu zimene zafunsidwa posachedwa. Ntchitoyi ndinapatsa mtsikana wa milomo yofiira, Sherifa.

"Manja akadzaza?" anafunsa.

"Utaye imene yakhalitsa osafunsidwa."

"Ngakhale ikhale yofunika?"

"Makina sadziwa chofunika. Amadziwa chimene chafunsidwa posachedwa."

"Ngati chibwenzi changa," Sherifa anatero, ndipo kalasi yonse inagwa ndi phwete.

Makina a mumzinda ankafa mwa njira yawo. Wina ankaona yankho pafoni n'kulitchula tisanafike pakati, ndipo ena ankatola zikwama.

Pa zaka zimenezo, mwa kuganiza kwanga, nthawi ya Mtisunge inali itakwana. Ndinkafika pakhomo m'mawa kwambiri. Ndinkayang'ana mtsikana aliyense, chipumi, makutu, kayendedwe, ndipo wina akafanana pang'ono ndi Zelipa ndinkamutsatira ndi maso mpaka atakhala pansi. Ndinkapitanso kukaima pamakomo a makalasi ena. Tsiku lina mwini sukulu anandiitanira muofesi yake yozizira ngati mosungira nyama.

"Madala, pali madandaulo. Atsikana akuti mumawayang'anitsitsa. Makolo ayimba."

"Ndikudikira mwana wanga."

"Onse amatero." Anaseka, osati mwankhanza, koma ngati munthu amene wapeza mnzake. "Ine sindikukuweruzani. Koma mudziwa, sukulu ndi mbiri. Tikuthokozani."

Ndinatsika masitepe pakati pa matayala. Sherifa anali pansipo akudikira minibasi. Atandiona anatembenukira kukhoma.

Zitatha izi matauni amasakanikirana m'mutu mwanga. Panali ya njanji, kumene sitima inkadutsa kuseri kwa kalasi ndipo woomba m'manja sankamveka. Panali ya nzimbe, kumene phulusa linkagwa pa masileti. Panali ina imene yunivesite yake inali chikwangwani ndi mtengo wa mango. Kulikonse ndinkaima pakhomo, koma tsopano chapatali, ngati ndikuwerenga zolembedwa pakhoma. Kulikonse makina ankafa tisanamalize. Kulikonse wina ankandithokoza. Masileti anasweka amodziamodzi, ndipo ndinkagula ena m'misika imene anali asanaiwalike. Nkhope zolowa pakhomo zinali za msinkhu womwewo chaka ndi chaka, ndipo ine ndinkafunabe pakati pawo mtsikana wongochoka kumene ku sekondale.

Potsiriza ndinafika m'tauni yotentha ya kumalire, kumene kunali yunivesite yatsopano ya makoma oyera. Anandilandira chifukwa aphunzitsi achinyamata ankathawa kutentha. Ophunzira ankanditcha agogo. Anandipatsa kanyumba kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo ndinaganiza kuti ndifera kumeneko.

M'mawa wina mlembi wa sukulu anandipeza pakhomo.

"Agogo, kwabwera mkulu wa nthambi watsopano. Akufuna aone kalasi yanu lero. Dokotala Gwedeza."

Ndisanayankhe, anafika. Anali mayi wamkulu, wa magalasi, chikwama cha kompyuta chili paphewa, ndipo ankayenda moponda ndi chidendene ngati Zelipa. Ophunzira anapatuka kumusiyira njira.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi," anatero, ndipo anadutsa pakhomo langa n'kukakhala kumbuyo.

Ndinagawa masileti. Ndinaika aliyense pamalo pake. Ndinanena mawu anga a nthawi zonse, ndipo ndinawamva ngati akunenedwa ndi munthu wina m'chipinda china. Woomba anaomba. Wolozera anatchula malo. Mtengatenga anatenga sileti osalonjera, chifukwa ana a masiku amenewo sankalonjerana. Wa munkhokwe anafufuta yakale osafunsa. Palibe amene ananong'oneza mnzake, palibe amene anatulutsa foni, chifukwa onse ankaopa mayi amene anakhala kumbuyo. Lamulo linatsatira lamulo. Lomaliza linali loti makina aime, ndipo anaima. Nambala ya pa sileti yomaliza inali yolondola. Zimenezi ndinali ndisanazionepo chiyambire, ndipo sindinamve kanthu.

Ophunzira atatuluka, iye anatsalira. Anakhalabe kumbuyoko, ine ndili kutsogolo, mipando yopanda anthu ili pakati.

"Njira yanuyi ndinaimvapo," anatero. "Amene anandiphunzitsa phunziroli anali wophunzira wanu. Ankati munali munthu wovuta."

"Munaphunzira kuti?"

"Kumene inu kunalibe. Chaka chimene ndinakhoza mayeso ndinafufuza kumene muli, n'kusankha kwina."

"Mtisunge," ndinatero. Dzinali linatuluka louma. "Ndinali pakhomo."

"Ndinamva. Kumudzi inali nthabwala. Mwana akazengereza kulowa m'nyumba ankati asiye za bambo ake a Mtisunge." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango. "Mabasi analipo, aphunzitsi. Masiku a tchuthi ndinkakhala pachulu cha kuseri kwa nyumba ndikuyang'ana njira. Simunabwere ngakhale kamodzi. Nsapato zasukulu anandigulira ndi amalume. Ngakhale kawailesi anandipezera, ataona kuti ndimakonda kutsegula zinthu. Ndi kamene kanandifikitsa pano."

"A Gwedeza ali bwanji?"

"Tinawaika chaka chatha. Ndi bambo amene ndinali nawo. Ngati muli ndi mawu okhudza iwo, muwasunge."

Mawu ndinali nawo. Anali a mlatho, njinga, phukusi pachiwongolero. Iye anali atavalanso magalasi ndipo ankandiyang'ana, dzanja lili pachikwama. Ndinaona kuti maliro aja anali asanamuthere. Mwana ameneyu anali ataika kale mayi, kenako munthu amene ankamutcha bambo, ndipo mawu anga akanamufukulitsa mandawo kuti aikemo munthu wina. Sindikudziwa ngati akanandikhulupirira. Chimene ndinaopa kwambiri n'chakuti akanandikhulupirira.

"Anakulera bwino," ndinatero.

Anagwedeza mutu. Anadikira pang'ono, ngati pali china chimene chikubwera, koma panalibe. Kenako anaimirira ndipo mawu ake anakhala a muofesi.

"Phunziroli ndiziphunzitsa ndekha kuyambira Lolemba. Tili ndi pulogalamu yoonetsa zonsezi pakhoma, masileti safunikanso. M'nyumba muja mukhoza kukhalamo mpaka mwezi uthe. Tikuthokozani."

Anali atafika pakhomo pamene ndinafunsa.

"Munthu wongobwera kudzamvera amaloledwa?"

Anaima osatembenuka.

"Mudzamva chiyani chimene simukuchidziwa?"

Ndinayamba kutola masileti.

"Mpando wa kumbuyo sitiletsa munthu," anatero. "Koma musadzaime pakhomo. Ndipo dzina lija musadzalitchule pamaso pa ana."

"Ndamva."

Loweruka ndinapeza kachipinda kuseri kwa msika, ndi kamalo pansi pa lata pamene munthu akhoza kukonzerapo mawailesi. Masileti ndinakasiya kusukulu ya mkaka ya pafupi ndi chigayo. Lolemba ndinavala malaya ochapa, ndinalowa m'kalasimo ophunzira asanafike, n'kukhala pampando wa kumbuyo.